Mwana mmodzi, nambala imodzi: zomwe zimachitika kuseri kwa kompyuta ya kuchipatala

Mwadzuka kusanache, mwabereka mwana, mwakwera kabaza kuchokera ku Mbulumbuzi kapena ku Namitambo mpaka pa Chiradzulu Boma. Mwana watentha thupi usiku wonse ndipo chomwe mukufuna n'kuonana ndi dokotala basi. Koma musanalowe m'chipinda, wolembera odwala akuyamba kukufunsani dzina la mwana, tsiku lomwe anabadwa, mudzi wanu, mfumu yaikulu ya kwanu, komanso komwe kuli kabuku kake kakale. Makolo ambiri amaona ngati uku n'kuwachedwetsa dala. Ena amangoyankha zilizonse kuti mzere uyende.

Ine ndimagwira ntchito yoona odwala, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni komwe mayankho anuwo amapita, momwe malo owasungira amakonzedwera, komanso chifukwa chake yankho limodzi lolakwika lingaike moyo wa mwana pachiswe.

Mwana wa nambala ziwiri

Pachipatala china chomwe ndinagwirapo ntchito, panabwera mayi ndi mwana wa zaka zinayi yemwe ankafunika kumwa bakitirimu tsiku ndi tsiku pofuna kumuteteza ku matenda ena. Kabuku kake kanali katsopano. Mu kompyuta munkaoneka kuti mwanayo walembetsedwa tsiku lomwelo ndipo analibe mbiri ina iliyonse. Ndili pafupi kulemba mankhwala, ndinaona timabala takale pamilomo ndi m'khosi mwake. Nditafunsa, mayiyo anati chaka chathacho mwanayo anatuluka matuza thupi lonse atamwa "timapilisi toyera" ndipo anagonekedwa masabata awiri.

Tinafufuzanso mu kompyuta. Mwanayo analimo kale, koma ndi dzina la bambo ake omubereka, pomwe ulendo uno analembetsa ndi dzina la agogo ake aamuna a kuchikazi. Tsiku lobadwa linasiyananso ndi mwezi umodzi. Pa nambala yakaleyo panali chenjezo looneka bwino lakuti thupi la mwanayu limadana ndi bakitirimu. Kabuku koyamba kananyowa ndi mvula, banja linagula kena, ndipo palibe anaganiza kuti zimenezi n'zofunika kunena. Pakanapanda timabala tija, mwanayo akanamwanso mankhwala omwe akanatha kumupha.

Kompyuta sinalakwe kanthu. Inasunga zomwe inapatsidwa. Vuto linali lakuti mwana mmodzi anali ndi nambala ziwiri.

Kodi database n'chiyani?

Aliyense amene anapitapo kusikelo amadziwa kaundula, buku lalikulu lija lokhala ndi mizere yotsika ndi yopingasa. Mzere wopingasa uliwonse ndi mwana mmodzi. Mzere wotsika uliwonse ndi funso limodzi: dzina, mudzi, kulemera, katemera. Chomwe akatswiri a makompyuta amatcha database ndi akaundula ambiri otere oikidwa pamodzi mu kompyuta, olumikizana kudzera pa nambala ya munthu. Kaundula wina amasunga maina, wina maulendo a kuchipatala, wina zotsatira za magazi, wina mankhwala omwe aperekedwa. Mukatchula nambala, kompyuta imatolera zonse za munthuyo pa kanthawi kochepa.

Pulogalamu yomwe namwino amaiona pagalasi la kompyuta ili ngati khomo chabe. Katundu weniweni ali mu database, monga momwe chimanga chimakhalira m'nkhokwe. Ndipo nkhokwe siimera yokha. Pamafunika munthu woimanga, woika miyala pansi kuti chiswe chisakwere, wofolera denga ndi wodziwa amene ali ndi ufulu wotapamo.

Chiradzulu inayamba kale

Boma la Chiradzulu lili ndi mbiri yaitali pa nkhani yosunga za odwala mu kompyuta. M'chaka cha 2001, bungwe la Médecins Sans Frontières, lomwe ambiri amangoliti MSF, linayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere pachipatala cha boma cha Chiradzulu, patatsala zaka zitatu kuti boma liyambe kuwapereka m'dziko lonse mu 2004. Pambuyo pake ntchitoyi inafalikira m'zipatala zing'onozing'ono za m'bomali. Mankhwalawa ndi a moyo wonse, choncho panafunika njira yodziwira amene wabwera, amene wajomba, ndi amene mankhwala asiya kumuthandiza. MSF inkagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa FUCHIA. Woona odwala ankalemba pa fomu yapepala, kenako alembi ankakopera mafomuwo mu kompyuta, imodzi ndi imodzi. Zomwe zinasonkhanitsidwa mwa njira imeneyi zinathandiza kuonetsa maiko ena kuti n'zotheka kupereka ma ARV kumudzi m'dziko losauka, zomwe ena ankakayika nthawi imeneyo.

M'chaka chomwecho cha 2001, ku Lilongwe pachipatala chomwe lero ndi Kamuzu Central, gulu lomwe linadzakhala Baobab Health Trust linayamba kulembera odwala pogwiritsa ntchito makompyuta ongodina pagalasi ndi chala. Wodwala aliyense ankapatsidwa nambala yake, yosindikizidwa pa kapepala ka timizere takuda komata pa kabuku ka kuchipatala. Ngati kabuku kanu kali ndi kapepala kotere, imeneyo ndiyo kiyi wa mbiri yanu. Makina akawerenga timizereto, dzina lanu limatulukira popanda wina kulilembanso.

Kumanga nkhokwe ndi manja

Mapulogalamu ena akuluakulu amadzikonzera okha database mukamawaika mu kompyuta. Koma nthawi zambiri, makamaka m'zipatala, m'mabanki ndi m'maofesi a boma, katswiri amachita kukonza ndi manja, gawo ndi gawo, chifukwa malo alionse ali ndi zosowa zake. Zomwe amasankha pa tsiku limenelo zimatsatira odwala kwa zaka zambiri.

Choyamba ndi malo. Database imakhala mu kompyuta yaikulu yotchedwa seva, yomwe imasungidwa m'chipinda chokhoma, chosatentha komanso chosadontha. Makompyuta a m'zipinda zoonera odwala amalumikizidwa ku seva imeneyi. Magetsi akazima mwadzidzidzi seva ili mkati molemba, zina zomwe inkalemba zikhoza kuonongeka. N'chifukwa chake pambali pa seva pamakhala mabatire, ndipo m'malo ena amawonjezera sola.

Chachiwiri ndi kuika pulogalamu yosungira. Odziwika kwambiri ndi MySQL ndi PostgreSQL, ndipo onse awiri amapezeka kwaulere. Katswiri amapanga database yopanda kanthu, n'kuipatsa dzina, kenako n'kupanga akaunti yapadera yoti pulogalamu ya chipatala izilowera. Amalemba dzina la database, dzina la akaunti ndi mawu achinsinsi m'kafayilo komwe pulogalamuyo imawerenga ikamayaka. Chilembo chimodzi chikalakwika pamenepa, makompyuta onse a pachipatala amakana kutseguka.

Chachitatu ndi kulemba mizere ya akaundula. Apa amasankha mafunso omwe adzafunsidwe ndi mtundu wa yankho lomwe lidzaloledwe. Pa kulemera pazilowa manambala okha. Pa tsiku lobadwa pazilowa deti lokha. Amaikanso lamulo lakuti nambala ya munthu isafanane ndi ya wina aliyense, komanso kuti zotsatira za magazi zisalembedwe popanda nambala ya mwini wake.

Chachinayi ndi kudzaza mindandanda: maboma onse, mafumu aakulu monga Likoswe, Mpama, Kadewere, Nkalo ndi Chitera, midzi ya pansi pawo, maina a mankhwala ndi mphamvu zake, maina a matenda. Mlembi samalemba mudzi mmene akuumvera koma amasankha pamndandanda. Zikanakhala kuti aliyense amalemba mwa iye yekha, mudzi umodzi ukanaoneka ngati midzi inayi, ndipo mliri wa kolera utabuka, sizikanaoneka msanga kuti odwala akuchokera dera limodzi.

Tinthu tating'ono tosokoneza zambiri

Pali zinthu zina zomwe zimaoneka zachabechabe koma zimavutitsa akatswiri. Chimodzi ndi zilembo zathu. Mapulogalamu ambiri anapangidwa ndi anthu olemba Chingerezi. Ngati pokonza database sanasankhe kalembedwe kolola zilembo za zinenero zonse, komwe amakatcha UTF-8, dzina ngati Mwaŵi limatuluka ndi zizindikiro zosamveka pakati. Kachizindikiro kam'mwamba ka m'maina ngati Ng'oma kapena M'bwana kali ndi vuto lakenso. M'chinenero chomwe makompyuta amalankhulira ndi database, kachizindikiro kameneka kamatanthauza kuti mawu athera pomwepo. Pulogalamu yolembedwa mosasamala imadula dzinalo pakati kapena kukana kulisunga. Mlembi wina akaona choncho amangolemba Ngoma, wina Ng'oma, ndipo munthu mmodzi wasanduka awiri.

China ndi kalembedwe ka deti. Kwathu kuno 03/04 ndi pa 3 April, pomwe ku America ndi pa 4 March. Kwa munthu wamkulu kusiyana kwa mwezi umodzi n'kochepa. Kwa khanda lomwe likuyenera kulandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14, mwezi ndi nthawi yaitali. Wotchi ya seva nayonso iyenera kukhala yolondola, chifukwa ndi yomwe imawerengera tsiku lodzabweranso.

Chinanso ndi malire. Database yokonzedwa bwino imakana kapena kufunsanso ikapatsidwa nambala yosatheka. Tiyerekeze mwana wolemera makilogalamu 14, koma chala chaterereka n'kulemba 41. Mankhwala a malungo a LA amaperekedwa potengera kulemera: mwana wosakwana makilogalamu 15 amamwa piritsi limodzi pa nthawi, pomwe wa makilogalamu 35 kupita m'tsogolo amamwa anayi. Ngati katswiri anaika malire ogwirizana ndi msinkhu, kompyuta imachenjeza. Ngati sanaike, imangolandira. Komabe malire sagwira zonse. Wolemera 14 akalembedwa 17, kompyuta singadziwe. Apa ndi pomwe maso a kholo ndi a wachipatala amafunika.

Makiyi ndi kope lapadera

Gawo lotsatira ndi makiyi. Wogwira ntchito aliyense amapatsidwa dzina lolowera ndi mawu achinsinsi akeake, ndipo amaloledwa kuona zokhazo zokhudza ntchito yake. Wolembera odwala pakhomo safunika kuona zotsatira za magazi. Wopereka mankhwala safunika kufufuta mbiri ya munthu. Kompyuta imasunganso amene wasintha chinthu ndi nthawi yomwe wasinthira. N'chifukwa chake kubwerekana mawu achinsinsi pakati pa ogwira ntchito n'koletsedwa: pakalakwika kanthu, sipadziwika wofunsidwa.

Kenako pali kope lapadera. Seva ikhoza kupsa ndi mphenzi, kubedwa kapena kulowa madzi. Katswiri amakonza zoti tsiku lililonse database izikopedwa, ndipo kopelo lizisungidwa malo ena osati m'chipinda chomwecho. Amayeneranso kumayesa ngati kopelo likutseguka, chifukwa kope lomwe silinayesedwepo lili ngati mbewu yomwe simunaione ngati yafumbwa, mumadzazindikira tsiku lodzala.

Anthu a ku Chiradzulu safunika kuuzidwa zambiri za kutaya zinthu mwadzidzidzi. Mu March 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ndi miyoyo ya anthu m'bomali ndi m'maboma ena a m'chigawo cha kummwera. Mabanja ambiri anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Timabuku ta kuchipatala tinapita ndi matope. Kwa munthu womwa ma ARV kapena mankhwala a khunyu yemwe sakumbukira dzina la mankhwala ake, mbiri yosungidwa mu kompyuta ndi yomwe ingamuthandize kupitiriza pomwe analekezera. Koma imapezeka pokhapokha ngati dzina ndi tsiku lobadwa zomwe akutchula zikugwirizana ndi zomwe analembetsa poyamba.

Gawo lomaliza ndi kuyesa. Asanayambe kulembera odwala enieni, katswiri ndi achipatala amalowetsa maina ongopeka, kuona ngati kapepala ka nambala kakusindikizika, ngati lipoti la pamwezi likufanana ndi kuwerenga kwa pamanja, kenako n'kufufuta zoyeserazo. Akatero amayamba ntchito yotopetsa yokopera odwala akale kuchokera m'makadi apepala.

Manambala anu amafika mpaka ku Lilongwe

Zomwe zalembedwa pachipatala sizithera pomwepo. Mwezi ukatha, chipatala chilichonse chimatumiza chiwerengero ku ofesi ya zaumoyo ya boma: ana obadwa, olandira katemera, odwala malungo, amayi oyembekezera. Manambalawa amalowetsedwa mu pulogalamu ya DHIS2, yomwe inapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito DHIS2 mu 2012, ndipo database yake imayenda pa PostgreSQL. Pa malipoti a pamwezi oterewa pamapita manambala, osati maina.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Chiradzulu muli anthu oposa 350,000. Okonza mapulani amayang'ana chiwerengero chotere pamodzi ndi malipoti a zipatala poganizira katemera, masikito ndi mankhwala omwe akufunika. Ana akalembedwa ochepa kusiyana ndi omwe alipo, katundu akhoza kubwera wosakwanira. Munthu mmodzi akalembedwa kawiri, zimaoneka ngati wina wasiya mankhwala. Ku mbali ya ma ARV, munthu amawerengedwa kuti wasiya pakadutsa miyezi iwiri kuchokera tsiku lomwe mankhwala ake amayenera kutha. Zikatero amatumidwa munthu kukamufufuza kumudzi. Taganizani wongodzipereka akupalasa njinga mtunda wautali kukafika pakhomo pa munthu yemwe akumwa mankhwala ake bwinobwino pa nambala ina. Nthawi yatayika, ndipo mwina anansi ayamba kufunsa chomwe mlendoyo wadzera.

Masiku ano unduna ukufalitsanso pulogalamu ya iCHIS, yomwe alangizi a zaumoyo amalembera mabanja pa foni kapena tabuleti ali m'mudzi momwemo. Izi zikutanthauza kuti khomo la nkhokwe ija lafika pakhonde panu. Mlangizi akamakufunsani maina ndi zaka za ana, yankho lanu likulowa mu database.

Nanga chinsinsi?

Ambiri amaopa kuti zikalowa mu kompyuta ndiye kuti aliyense aziona. Mantha amenewa ndi omveka. Wachipatala aliyense amalumbira kusunga chinsinsi cha wodwala, kaya chili papepala kaya mu kompyuta. Kuyambira mu 2024, dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe linapatsidwa udindo woliyang'anira. Nkhani za umoyo wa munthu zili m'gulu la zomwe zimafuna chisamaliro chapadera. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chomwe akufunira uthenga wanu ndi amene adzauone. Mukaona kuti chinsinsi chanu chaululidwa, kadandauleni kwa mkulu wa chipatala, kwa wolandira madandaulo pachipatalapo, kapena ku komiti yoyang'anira chipatala ya m'dera lanu.

Kupereka dzina labodza pofuna kudziteteza kumaoneka ngati nzeru, koma kumadula mbiri yanu pakati. Tsiku lomwe mudzafike muli chikomokere, palibe adzadziwe mankhwala omwe mumamwa kapena omwe thupi lanu limadana nawo.

Gawo lanu, makolo

Sankhani dzina limodzi la mwana ndi kalembedwe kamodzi, ndipo likhale lomwelo kusikelo, kuchipatala ndi kusukulu. Kuno kwathu mwana amatha kukhala ndi dzina la kubadwa, la ubatizo, la kusukulu, komanso kutchulidwa ndi la bambo kapena la kuchikazi. Zonsezi n'zabwino pakhomo, koma kuchipatala gwiritsani lomwe lili pa chiphaso chake cha kubadwa. Kulembetsa mwana akabadwa kwakhala kokakamiza kuyambira mu 2015, ndipo kwa akuluakulu pali chiphaso cha unzika chomwe bungwe la NRB linalembera anthu oposa 9 miliyoni mu 2017. Ziphaso zimenezi ndi zomwe zimathetsa mkangano wa kalembedwe.

Ngati simukudziwa tsiku lenileni lobadwa, nenani kuti simukudziwa. Mlembi ali ndi njira yolembera kuti tsikulo n'longoyerekeza, ndipo mungamuthandize potchula zomwe zinachitika nthawiyo, monga kuti mwana anabadwa patangopita mwezi chichitikire Freddy. Mukangotchula tsiku la m'mutu, ulendo wina mudzatchula lina.

Sungani kabuku m'pepala la pulasitiki, pamalo okwera. Kakadzaza, musakataye: kamangeni pamodzi ndi katsopano. Kakatayika, uzani mlembi kuti mwanayu analembetsedwa kale kuti amufufuze asanamupatse nambala ina. Musabwerekane timabuku, ngakhale pakati pa mapasa kapena ana a mimba imodzi. Musamatule kapepala ka timizere takuda kaja. Mukasamuka mudzi kapena mukasintha chipatala, nenani, ndipo omwa mankhwala a nthawi yaitali apemphe kalata yosamukira.

Musanachoke pasikelo, yang'anani kulemera komwe kwalembedwa ndipo mufunse ngati kukusiyana kwambiri ndi kwa mwezi watha. Onaninso tsiku lodzabweranso. Katemera wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 kenako pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndi yemwe makolo ambiri amaiwala. Ngati mwana anatupapo, kutuluka ziwengo kapena matuza atamwa mankhwala ena, uzani wachipatala aliyense ulendo uliwonse, ngakhale mukuganiza kuti zili kale mu kompyuta.

Gawo lanu, ongodzipereka

Inu amene mumathandiza kusikelo, m'magulu a amayi ndi pofufuza ojomba, dziwani kuti zomwe mwalemba papepala ndi zomwe wina adzakopere mu kompyuta. Lembani zooneka, makamaka 1 ndi 7, komanso 3 ndi 8. Musasiye mpata wopanda kanthu poganiza kuti mudzadzaza madzulo, ndipo musadzaze ndi zongoganizira kuti fomu ioneke yokwanira. Mpata wopanda kanthu umaoneka n'kufufuzidwa, koma nambala yopeka imakhulupiriridwa. Mukapeza kuti munthu ali ndi timabuku tiwiri kapena nambala ziwiri, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo kapena mlembi wa pachipatala kuti aziphatikize. Musajambule kaundula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, ngakhale pa gulu la antchito anzanu, chifukwa chithunzi chikatuluka sichibwezeka.

Ndipo makompyuta akazima, monga zimachitikira, ntchito siima. Achipatala amalemba papepala ndi m'kabuku kanu, kenako n'kudzalowetsa magetsi akayaka. Tsiku lotero kabuku kanu ndi komwe kamalumikiza dzulo ndi mawa.

Mwana wa timabala uja tinamuphatikizira nambala zake ziwiri kukhala imodzi, tinalemba chenjezo ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba la kabuku katsopano, ndipo tinamupezera njira ina yomutetezera. Mayi ake anatuluka akubwereza dzina la mankhwala aja chapansipansi kuti asaiwale. Ulendo wina mlembi akadzakufunsani dzina, tsiku lobadwa ndi mudzi, yankhani modekha, ndipo mupempheni akuwerengereni zomwe walemba musanachoke pawindo.